Tizidutswa ta chitsulo tounikira matenda ndi kunyamula mankhwala m'thupi: zoona zake n'ziti?

Kachere_Ulongwe
Abale anga a pagulu pano, ndabwera ndi funso limene likundisowetsa tulo. Malume anga anawapeza ndi chotupa m'chiwindi, ndipo kuchipatala anatiuza kuti pakufunika kuwatumiza kumene kuli makina a MRI, ressonância ija, kuti madokotala aone bwino kukula kwa chotupacho. Tili mkati mosonkha ndalama za ulendo, kumudzi kwathu kwabwera munthu wina ndi timabotolo ta madzi akuda, akunena kuti muli tizidutswa ta chitsulo ta "nano", ndipo munthu akamwa timapita tokha pamene pali chotupa, kenako ukamanga maginito pamimba chotupacho chimasungunuka. Azakhali akufuna kugulitsa mbuzi kuti agule. Mdzukulu wanga amene akuphunzira za umoyo ku Tete akuti nkhani ya tizidutswa ta chitsulo ilimo ndithu m'mabuku awo, koma si momwe wogulitsayo akuifotokozera. Ndiye ndikupempha amene akudziwa andithandize: kodi tizidutswa timeneti tilipodi? Ngati tilipo, timagwira ntchito bwanji, ndipo n'zoona kuti chinthu chimodzi chingathe kuonetsa matenda komanso kuwachiza nthawi imodzi?

NaPhiri_Domwe
Musagule, achimwene, ndipo mbuziyo aisunge kuti ithandize pa ulendo wa kuchipatala. Odziwa afotokoza zifukwa zake, koma yambani mwawaletsa azakhaliwo lero lomwe.

Mphunzitsi_Fe3O4
A Kachere, pepani ndi matenda a malumewo. Ine ndimaphunzitsa kemisitiri kusekondale, choncho ndifotokoza chinthucho pachokha, za m'thupi ndisiyira anzathu a zachipatala. Tizidutswa timene mdzukulu wanu akunena tilipodi. Ndi chitsulo chophatikizana ndi mpweya wa okosijeni, ndiye kuti n'cha mtundu umodzi ndi dzimbiri, koma mitundu imene akatswiri amagwiritsa ntchito kwambiri ndi iwiri yomwe imamva maginito: magnetite, yakuda bii, imene timailemba kuti Fe3O4, ndi maghemite, yofiirira.

Nkhani yonse yagona pa kuchepa kwake. Mukatenga milimita imodzi ya pa rula n'kuigawa m'zigawo 1,000,000, chigawo chimodzicho ndiye nanomita. Selo lofiira la magazi m'mimba mwake ndi pafupifupi mananomita 7,000, pamene phata la kachidutswa kamodzi nthawi zambiri limakhala pakati pa mananomita 5 ndi 20. Chitsulo chikachepa chonchi chimasintha khalidwe. Msomali mukaukhuza pa maginito umatsala ndi mphamvu yokoka tizitsulo tina ngakhale mutauchotsapo, ndipo tizidutswa ta khalidwe limenelo titalowa m'magazi tingamamatirane n'kutseka mitsempha. Koma magnetite ikachepa kufika cha m'ma nanomita 20 kutsika m'munsi, imakokedwa pokhapokha maginito ali pafupi, ndipo mukangowachotsa mphamvuyo imatheratu, tizidutswato n'kubalalikanso m'madzi. Khalidwe limeneli amalitcha superparamagnetism, ndipo ndi limene limalola kuti tizidutswa totere tibayidwe mumtsempha.

Chinthu chachiwiri ndi chokutira. Kachidutswa kalikonse amakakuta ndi dextran, yomwe ndi mtundu wa shuga wa timaunyolo titalititali, kapena ndi chinthu china chotchedwa PEG, kapena silika. Chokutiracho chimaletsa tizidutswa kuundana, chimachedwetsa thupi kutichotsa m'magazi, ndipo pamenepo ndi pamene amamangirirapo mankhwala ngati akufuna kuti tiwanyamule.

WaMgodi_Moatize
Aphunzitsi, mwatchula magnetite, ndipo mwandigunda pamtima. Miyala imeneyo ilipo kuno kwathu. Ku Tenge ndi ku Ruoni anapezako miyala yachitsulo yambiri, ndipo kampani ya Baobab Resources inafufuzako zaka zingapo ndithu. Ngakhale m'mitsinje ina mukadutsitsa maginito a wailesi yakale mumchenga, amatuluka atamera ndevu zakuda. Kodi sizingatheke kuti ife eni nthaka tizipera miyala imeneyi n'kupanga mankhwalawo kuno, m'malo modikira kuti azungu atigulitse chinthu chochokera pansi pa mapazi athu?

Mphunzitsi_Fe3O4
Funso lanu ndi lomveka, a WaMgodi, koma njira yake si imeneyo. Miyala ya ku Tenge ndi magnetite yosakanikirana ndi titaniyamu ndi vanadiyamu, ndipo ngakhale mutaipera motani simungapeze tizidutswa tofanana kukula kapena toyera mokwanira kulowa mumtsempha wa munthu. Tizidutswa ta kuchipatala sitichokera ku mwala wopera, timamangidwa kuchokera ku mchere wa chitsulo woyeretsedwa. Njira yotchuka kwambiri anaifalitsa René Massart wa ku France mu 1981: mumasungunula mitundu iwiri ya mchere wa chitsulo m'madzi, gawo limodzi la Fe2+ pa magawo awiri a Fe3+, kenako mumathiramo amoniya mukutakasa, ndipo madziwo amada nthawi yomweyo. Zimenezi ndinazichitapo ndi ana asukulu, ndipo amasangalala kwambiri kuona madzi akuda akutsatira maginito m'mbali mwa botolo. Zipangizo zake si zodula. Chodula ndi zotsatira: kuonetsetsa kuti tizidutswa tonse n'tofanana kukula, mulibe tizilombo kapena poizoni wa tizilombo, komanso kuyesa pa nyama ndi pa anthu kwa zaka zambiri. Choncho madzi a wogulitsa uja akhoza kumakokedwadi ndi maginito pamaso pa anthu, koma umenewo si umboni woti ndi mankhwala.

Wounika_Beira
Ine kwathu ndi ku Tsangano koma ndimagwira ntchito younika odwala, ndiye ndilowererepo pa mbali ya zithunzi. MRI imagwiritsa ntchito maginito amphamvu kwambiri pomvetsera madzi a m'thupi. Tizidutswa ta chitsulo tikaunjikana pamalo, timasokoneza mphamvu ya maginito pamalo pomwepo, ndipo pachithunzi pamada. Chochititsa chidwi pa nkhani ya chiwindi n'chakuti m'chiwindi chabwinobwino muli maselo otchedwa Kupffer, amene ntchito yawo ndi kumeza chilichonse chachilendo chodutsa m'magazi. Mukabaya tizidutswa mumtsempha, maselo amenewa amatimeza, ndipo chiwindi chonse chathanzi chimada. Zotupa zambiri za khansa zilibe maselo a Kupffer okwanira, choncho zimatsala zowala pakati pa mdima, n'kuonekera poyera ngakhale zili zazing'ono.

Zimenezi si za m'labotale mokha. Mankhwala otchedwa Feridex anavomerezedwa ku America mu 1996 pa ntchito younikira chiwindi, ndipo ku Ulaya ankagulitsidwa ndi dzina lakuti Endorem. Resovist inabwera pambuyo pake ndipo inapitiriza kugwiritsidwa ntchito ku Japan. Komabe ndinene mosabisa kuti Feridex inasiya kupangidwa cha m'ma 2008 ndi 2009, makamaka chifukwa malonda ake sankayenda, popeza madokotala ambiri anakonda mankhwala a gadolinium amene amawalitsa chotupa m'malo modetsa zozungulira. Malo akuda pachithunzi amatha kusokoneza, chifukwa magazi oundana, mpweya kapena chitsulo china zimathanso kuoneka zakuda.

A Kachere, malume anu akakafika kumakina, n'kutheka kwambiri kuti adzawabaya gadolinium, osati chitsulo. Ndipo dziwani kuti zonse ndafotokozazi zimachitika pobaya mumtsempha. Chitsulo chomwa sichiyenda chathunthu kupita ku chotupa. Chimakumana ndi asidi wa m'mimba, china chimasungunuka, chambiri chimatuluka ndi chimbudzi.

Kachere_Ulongwe
Zikomo kwambiri, a Wounika ndi aphunzitsi. Mbali ya kuunika ndaimva. Nanga mbali ya kunyamula mankhwala ndi kukoka ndi maginito? Wogulitsa uja akutsindika kwambiri pamenepo.

Mbiya_Songo
Ndikhululukireni, koma ine ndikuona kuti tikukambirana za denga pamene maziko sitinakumbe. Damu la Cahora Bassa lili ndi mphamvu ya mamegawati 2,075, ndipo magetsi ambiri amapita ku South Africa, pamene zipatala zina zazing'ono za m'maboma athu zimabereketsa amayi ndi tochi ya pafoni magetsi akathima. Makina a MRI wamba amafuna magetsi osadukiza komanso mpweya wa helium woziziritsa maginito kufika pa madigiri 269 pansi pa ziro. Kodi tizidutswa ta nano tithandiza ndani ku Chifunde kapena ku Macanga?

NaPhiri_Domwe
A Mbiya, wogulitsa uja wafika kale kumudzi asanafike magetsi. N'chifukwa chake tiyenera kukambirana zimenezi.

Farmacia_Matundo
Ndiyankhe funso la a Kachere, popeza mankhwala ndiyo ntchito yanga. Ganizo lonyamulira mankhwala pa tizidutswa linabwera chifukwa cha vuto lenileni. Mankhwala a khansa monga doxorubicin amapha maselo a chotupa, koma amayenda thupi lonse, amathothola tsitsi, amafooketsa mafuta a m'mafupa opanga magazi, ndipo amawononga mtima, mwakuti pali mlingo umene munthu sayenera kupitirira pa moyo wake wonse. Akatswiri anaganiza kuti atamangirira mankhwalawo pa kachidutswa komva maginito, akhoza kuwakokera pa chotupa, kuwamasula pomwepo, ndiponso kuona pa MRI ngati afikadi. Kuphatikiza kuunika ndi kuchiza kumeneku ndi kumene m'mabuku amakutcha theranostics.

Anayesapo pa anthu. Mu 1996 gulu la Andreas Lübbe ku Germany linafalitsa zotsatira za odwala 14 a khansa yofalikira, amene anawabaya epirubicin, mankhwala enanso a khansa, womangiriridwa pa tizidutswa ta chitsulo, maginito ataikidwa pamwamba pa chotupa. Odwalawo anapirira bwino, ndipo pafupifupi theka la iwo tizidutswato tinaonekadi titaunjikana pa chotupa. Koma onani kuti zotupa zimene anasankha zinali zapafupi ndi khungu. Mphamvu yokoka ya maginito imatsika msanga kwambiri mukamatalikira, kachidutswako n'kochepetsetsa, ndipo magazi akuthamanga. Kufuna kuimitsa kachidutswa kotere mkati mwa chiwindi ndi maginito omangidwa pamimba kuli ngati kufuna kuimitsa bwato pakati pa Zambezi nthawi ya dzinja ndi kaulusi kosokera muli kumtunda. Papita zaka zambiri chichokereni 1996, ndipo njira yokokera mankhwala ndi maginito sinakhalebe chithandizo cha tsiku ndi tsiku ngakhale m'zipatala zikuluzikulu za kunja.

Palinso chiyembekezo china chimene chinakhazikitsidwa pa zimene Matsumura ndi Maeda a ku Japan anafotokoza mu 1986, zakuti mitsempha ya m'chotupa imakhala yobookabooka, choncho tizidutswa timadonthera m'chotupamo n'kutsakamira. Pa mbewa zimenezi zimaoneka bwino. Koma mu 2016 akatswiri ena anasonkhanitsa kafukufuku wa zaka khumi wochitidwa pa nyama, ndipo anapeza kuti mwa tizidutswa tobayidwa, pafupifupi 0.7 pa 100 alionse ndi timene tinkafika pa chotupa. Totsalato tambiri timathera m'chiwindi ndi m'kapamba. Ndiye maselo a Kupffer omwewo amene a Wounika awayamikira pa kuunika, ndi amenenso amalanda katundu panjira pamene mukufuna kutumiza mankhwala kwina.

Wophunzira_UniZambeze
A Farmacia, ndikugwirizana nanu pa zambiri, koma ndikuona kuti mwaijambula nkhaniyi mwamdima kwambiri. Chiwerengero cha 0.7 chija akatswiri ena anachitsutsa, ponena kuti mankhwala wamba osanyamulidwa ndi kalikonse nawonso amafika pa chotupa ochepa zedi, ndipo chofunika n'chakuti wodwala apeze bwino popanda kuvulazidwa kwambiri. Chitsanzo chili pafupi nafe. Doxil, yemwe ndi doxorubicin wotsekeredwa m'timatumba tamafuta tosakwana kapena tofika mananomita 100, anavomerezedwa mu 1995 pochiza khansa ya Kaposi, ija imatulutsa zigamba zakuda pamiyendo ya anthu ambiri amene ali ndi HIV, ndipo wagwiritsidwapo ntchito ku Maputo. Si wachitsulo, koma akusonyeza kuti kunyamula mankhwala m'tinthu tating'ono kumachepetsa kuvulala kwa mtima.

Komanso simunatchule za kutenthetsa. Tizidutswa ta chitsulo tikaikidwa m'makina amene maginito ake amatembenukatembenuka maulendo pafupifupi 100,000 pa sekondi, timatentha, ndipo maselo a khansa amafooka kutentha kukafika m'madigiri 42 kupita m'tsogolo pang'ono. Kampani ya MagForce ya ku Berlin inalandira chilolezo cha ku Ulaya mu 2010 cha njira yotenthetsa imeneyi yotchedwa NanoTherm, yothandizira odwala khansa ya mu ubongo yotchedwa glioblastoma.

Farmacia_Matundo
Zonse mwanenazo n'zoona, ndipo za Doxil ndikuvomera ndi mtima wonse. Koma pa NanoTherm onjezerani zinthu ziwiri. Choyamba, tizidutswato dokotala amatibaya mwachindunji m'chotupa momwemo, sititumidwa kudzera m'magazi kuti tikadzipezere tokha njira. Chachiwiri, kampaniyo inagwa pa chuma mu 2022. Maginito ongomanga pamimba satenthetsa kanthu, chifukwa satembenuka. Apa ndi pamene wogulitsa uja watola mawu enieni a akatswiri n'kuwasokera pa bodza.

Agogo_a_Furancungo
Ana anga, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ndikutsatira. Funso langa ndi ili: chitsulo chimenechi chikamaliza ntchito chimapita kuti? Kodi sichichita dzimbiri m'thupi? Ndikufunsa chifukwa kale tinkamva azachipatala akuchenjeza za mowa wophikidwa m'migolo yachitsulo, kuti umawononga chiwindi kuposa mowa wophikidwa m'mbiya.

Namwino_wa_Amayi
Agogo, mwafunsa funso lofunika kuposa ambiri. Thupi la munthu wamkulu lili kale ndi ayironi, ndiye kuti chitsulo, wokwana magalamu 3 kapena 4, ndipo wambiri ali m'magazi, ndi amene amawafiiritsa. Tizidutswa tikamezedwa ndi maselo a m'chiwindi ndi m'kapamba, timasungunulidwa pang'onopang'ono, ayironiyo n'kusungidwa, kenako n'kugwiritsidwa ntchito popanga magazi atsopano. Apa ndi pamene chitsulo chimaposa gadolinium, chifukwa gadolinium si chinthu chimene thupi limachidziwa. Amayenera kutuluka kudzera mu impso, ndipo mu 2006 anapeza kuti mwa anthu amene impso zawo zinawonongeka kwambiri, mitundu ina ya gadolinium imayambitsa matenda oumitsa khungu ndi ziwalo zam'kati.

Koma zimene munamva za migolo n'zoonanso. Thupi lilibe njira yotulutsira ayironi wochuluka, ndipo kum'mwera kwa Africa kuno madokotala analemba kalekale za anthu amene ziwindi zawo zinadzaza ayironi chifukwa chomwa kwa zaka zambiri mowa wophikidwa m'migolo yachitsulo. Anthu amene amaikidwa magazi pafupipafupi nawonso amakhala pa chiopsezo chomwecho. Choncho munthu amene chiwindi chake chikudwala kale, monga malume a a Kachere, si woti azimwa madzi achitsulo osadziwika mlingo wake.

Ndionjezere mbali imene ine imandikhudza tsiku ndi tsiku. Kusikelo timapereka mapiritsi a ayironi otchedwa sal ferroso kwa amayi oyembekezera, ndipo ambiri amasiya kumwa chifukwa cha nseru ndi kudzimbidwa, ena amabwera mimba itakula kale, zikope zili mbuu, nthawi yoti mapiritsi agwire ntchito itatha. Ayironi wobaya mumtsempha, amene amathandiza amayi otere, nayenso ndi tizidutswa ta chitsulo tokutidwa ndi shuga. Ferumoxytol, wogulitsidwa ndi dzina lakuti Feraheme, anavomerezedwa ku America mu 2009 pochiza kuchepa kwa magazi mwa odwala impso, ndipo madokotala ena amamugwiritsanso ntchito pounika mitsempha pa MRI mwa anthu amene sangalandire gadolinium. Kwa ine chimenechi ndiye chitsanzo chenicheni cha chinthu chimodzi chochiza komanso choonetsa, ngakhale chimene chimachiza ndi kuchepa kwa magazi, osati khansa. Anzathu a ku Malawi anachita kafukufuku ku Zomba ndi ku Blantyre wobaya amayi oyembekezera mtundu wina wotchedwa ferric carboxymaltose, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2023. Zimenezo zachitika kutsidya kwa malire athu enieniwa.

MayiWaAtatu_Zobwe
Anamwino, ngati zili choncho bwanji osangobaya amayi onse ndi ana onse ooneka otuwa, m'malo mwa mapiritsi ovutitsawa?

Namwino_wa_Amayi
Amayi, pali zifukwa zitatu. Mtengo wake ndi wokwera kwambiri poyerekeza ndi mapiritsi. Chachiwiri, anthu ena thupi lawo limaukana mwadzidzidzi, kupuma kumabanika, magazi kutsika mphamvu, ndipo mu 2015 bungwe loona za mankhwala la ku America linaika chenjezo lalikulu pa Feraheme pa chifukwa chimenechi. Amayenera kuperekedwa pang'onopang'ono kudzera m'diripi, namwino ali pomwepo ndi adrenalina, mankhwala opulumutsira munthu amene thupi lake lakana chonchi, pafupi. Chachitatu ndi malungo. Pa chilumba cha Pemba ku Zanzibar anachita kafukufuku wopatsa ana aang'ono ayironi, ndipo zotsatira zofalitsidwa mu 2006 zinasonyeza kuti ana olandira ayironi ankagonekedwa m'chipatala kapena kumwalira mochulukirapo kuposa anzawo. Kuyambira pamenepo malangizo ndi akuti kumadera a malungo ayironi aziperekedwa limodzi ndi njira zopewera ndi kuchiza malungowo. Ku Mutarara kapena ku Changara sungaiwale zimenezi.

Mbiya_Songo
Anamwino andiyankha pang'ono, chifukwa diripi siifuna helium. Komabe pa kuunika ndikadali pomwe ndinali.

Wophunzira_UniZambeze
A Mbiya, si MRI yonse imene imafuna helium. Ku Blantyre anaika makina a mphamvu yochepa, a 0.35 tesla (tesla ndi muyeso wa mphamvu ya maginito), pachipatala cha Queen Elizabeth mu 2008, ndipo ndi makina amenewo anapeza kuti ana ambiri omwalira ndi malungo a mu ubongo amamwalira chifukwa ubongo umatupa kwambiri. Zimenezi zinafalitsidwa mu 2015. Panopa kuli makina oyenda pa matayala a kampani ya Hyperfine, a 0.064 tesla okha, ongolumikiza pa soketi wamba. Chosangalatsa n'chakuti pa mphamvu yochepa chonchi tizidutswa ta chitsulo timatha kuwalitsa chithunzi m'malo mochidetsa, ndiye vuto limene a Wounika anatchula lija limachepa. Ndikukhulupirira kuti ngati pali khomo limene luso limeneli lingalowere kuno kwathu, ndi limeneli.

Wounika_Beira
Musathamange kwambiri, achimwene. Makina a Hyperfine aja ndi ounikira mutu wokha, munthu amalowetsa mutu basi, chiwindi sichingalowemo. Zithunzi zake n'zosaoneka bwino poyerekeza ndi za makina a 1.5 tesla amene zipatala zikuluzikulu zimagwiritsa ntchito, ndipo nkhani yowalitsa ndi chitsulo pa mphamvu yochepa ikadali pa kafukufuku. Sindikutsutsa kuti ndi njira yoyenera kuiyang'anira, koma wodwala wa lero asadikire zimenezo. Zotupa zambiri za m'chiwindi timayamba kuziona ndi ecografia, kuunika kuja amaunikiranso mwana m'mimba mwa mayi, imene makina ake ndi otsika mtengo ndipo akhoza kufika m'zipatala za m'maboma, bola pakhale munthu wophunzitsidwa bwino kuwagwiritsa ntchito.

NaBanda_Chingodzi
Ine ndikufuna kubweretsa mbali imene palibe waitchula, chifukwa inandikhudza kudzera mwa mkulu wanga. Anawachita opaleshoni ya khansa ya m'bere, ndipo anawachotsa timabere tonse ta m'khwapa, tija timatupa munthu akachita mwanabere. Khansa inatha, tikuthokoza Mulungu, koma mkono unatupa kuyambira paphewa mpaka ku zala. Chibangili chimene ankavala kuyambira utsikana anachita kuchidula, malaya a manja sawakwana mbali imodzi, ndipo kupalira kapena kusinja sangathe. Nditawerenga ndinapeza kuti m'mayiko ena sachotsa timabere tonse, amayamba afufuza kabere koyamba kolandira madzi ochokera ku chotupa, n'kuchotsa komweko kukakayeza. Akapeza kuti kalibe khansa, totsalato amatisiya. Pofufuza kabereko nthawi zambiri amabaya technetium, chinthu chotulutsa cheza, chimene mphamvu yake imatsika ndi theka pa maola 6 alionse, ndiye sichingasungidwe kapena kutumizidwa kutali mosavuta. Koma kampani ya Endomag ya ku Cambridge inapanga madzi a tizidutswa ta chitsulo otchedwa Magtrace, ovomerezedwa ku America mu 2018, amene amabayidwa m'bere, n'kuyenda kukaunjikana m'kabere koyambako, ndipo dokotala amakapeza ndi kachipangizo kogwira m'manja komva maginito. Safuna MRI, safuna cheza, ndipo botolo lake likhoza kukhala pashelefu. Ndikamaona mkono wa mkulu wanga, ndimaona kuti ntchito imeneyi ndi imene akuluakulu a zaumoyo akanayamba kuifunsa mtengo.

Farmacia_Matundo
Mayi NaBanda, mwanena chinthu chanzeru kwambiri, ndipo pepani ndi za akulu anuwo. Njira imeneyo ili ndi zovuta zake zazing'ono: khungu limatha kutsala ndi banga lofiirira pamalo obayapo, ndipo chitsulo chotsalira m'bere chimasokoneza zithunzi za MRI za berelo kwa nthawi yaitali. Pamafunikanso katswiri woyeza kabereko pa maikulosikopu, ndipo akatswiri amenewo ndi ochepa m'dziko muno. Koma mwa ntchito zonse za tizidutswa ta chitsulo zimene zatchulidwa pano, imeneyi ndi ya ayironi wa m'diripi ndi zimene ndikuona kuti zingafike ku Tete tisanakalambe.

Mlimi_wa_Mtedza
Ndikupempha tisaiwale kumene zotupa za m'chiwindi zikuchokera. Dziko lathu la Mozambique lakhala likudziwika kuyambira kale kuti lili m'gulu la mayiko okhala ndi khansa ya m'chiwindi yochuluka, ndipo zoyambitsa zikuluzikulu ndi kachilombo ka hepatite B komanso chuku cha mu mtedza ndi chimanga chosauma bwino. Katemera wa hepatite B analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana m'dziko muno mu 2001, ndiye kuti ambiri a ife obadwa kale sitinalandire. Kuno ku Angónia timasankha mtedza wabwino n'kugulitsa, wofota ndi wachuku n'kusinja nsinjiro za pakhomo. A Kachere, apempheni madokotala ayeze malumewo hepatite B, ndipo akapezeka nako, a pabanja nawonso akayezetse.

Kachere_Ulongwe
Ndamva, ndipo za kuyezetsa ndikazifikitsa kubanja. Ndifunsenso: kodi munthu wogulitsa timabotolo tija tingakamunene kuti? Akupita m'midzi ina.

Farmacia_Matundo
Bungwe loona za mankhwala m'dziko muno ndi ANARME, ndipo mankhwala alionse ogulitsidwa amayenera kukhala olembetsedwa kumeneko. Pafupi nanu yambani ndi ofesi ya zaumoyo ya boma lanu ndi anyakwawa a m'midzi imene akupitayo. Ngati wina wagula kale botolo, alisunge losatsegula kuti likhale umboni.

WaMgodi_Moatize
A Wounika, funso langa lomaliza likukhudza ife ogwira ntchito ndi zitsulo. Anzathu owotcherera ndi opala zitsulo ambiri anagwedwapo tizitsulo m'maso. Kodi zimenezo zili ndi vuto pa MRI, popeza mwati tizidutswa ta chitsulo timalowa m'thupi popanda vuto?

Wounika_Beira
Zili ndi vuto lalikulu, ndipo n'zosiyana kotheratu. Kachitsulo kogwera m'diso powotcherera n'kakakulu maulendo masauzande ambiri kuposa kachidutswa ka nano, ndipo maginito a 1.5 tesla akhoza kukasuntha n'kucheka diso mkati. N'chifukwa chake tisanalowetse munthu timamufunsa ntchito imene amagwira, ngati anaomberedwapo kapena kulasidwa ndi zidutswa za bomba nthawi ya nkhondo, ndiponso ngati ali ndi kachipangizo kothandizira mtima. Tikakayikira timayamba tamujambula ndi raio-X kuzungulira maso. Anthu ena amabisa poopa kuti abwezedwa atayenda ulendo wautali, koma ndikupempha kuti aliyense aziyankha zoona.

Namwino_wa_Amayi
A Wounika, nanga munthu amene walandira ayironi wa m'diripi posachedwa, akuyenera kukuuzani?

Wounika_Beira
Inde, atiuze dzina la mankhwalawo ndi tsiku limene analandira. Pepala la malangizo a ferumoxytol limanena kuti akhoza kusintha maonekedwe a zithunzi za MRI kwa miyezi yofika itatu, makamaka m'chiwindi ndi m'kapamba, choncho ngati n'kotheka ndi bwino kuunika kaye wodwala asanalandire. Mukamapereka mankhwala otere muziwalemba m'khadi la wodwalayo momveka bwino, chifukwa amene adzamuunike akhoza kukhala ku Beira kapena ku Maputo ndipo sadzakhala ndi kaundula wanu.